Kayaki yachiwiri yowedzera ndi kubwereka anzanu: musankhe iti ngati mumakhala ku Blantyre?

Munthu akagula kayaki yake yoyamba n'kuizolowera, sipapita nthawi anzake amayamba kupempha kuti apite nawo. Alamu akufuna kuyesako, mnzanu wa kuntchito wamva zoti mumabwerako ndi makumba, mwana wa achemwali wabwera kutchuthi ndipo sakukupatsani mpata. Kabwato ka munthu mmodzi simungakwere awiri, ndipo zomasinthana, wina ali pamadzi wina akupsa ndi dzuwa pamchenga, sizichedwa kutopetsa. Apa mpamene pamabwera maganizo ogula ina yosaboola m'thumba, yoti izikhala pambali. Mungawedzere nokha tsiku limene yanu yavuta, koma kawirikawiri izikhala m'manja mwa anthu ena.

Ambiri pogula kayaki yachiwiri amaiyeza ndi thupi lawo. Iwo madzi anawazolowera kale, amadziwa kukhazikika, ndiye amafuna yothamanga. Koma amene azikwera kwambiri kayaki imeneyi ndi munthu woti sanagwirepo nkhafi, kusambira anasiyira padamu la kumudzi ali mwana, ndipo nsomba ikakoka chingwe adzaiwala zonse n'kuweramira mbali imodzi. Adzaikoka pamiyala, adzagwetsera mbedza paliponse, adzaisiya padzuwa tsiku lonse. Sadzachita dala, aliyense amayamba choncho. Ndiye pa kayaki iliyonse imene mukuiona dzifunseni ziwiri: munthu wotereyu akagwera m'madzi, adzatha kukweranso yekha? Nanga kayakiyo idzapirira manja ake zaka zingati?

Madzi athu ali kutali

Mumzinda muno mulibe popalasa. Damu la Mudi ndi la Blantyre Water Board, madzi akumwa a anthu, si malo ongofika n'kutsitsa bwato. Madamu a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi abwino kwa ophunzira chifukwa alibe mafunde, koma ali ndi eni ake, muyenera kuyamba mwapempha. Shire ali pafupi, makilomita pafupifupi 50 kutsetsereka mpaka ku Chikwawa, koma ine sindingatsitse kayaki kumeneko, ndipo munthu amene akuti akupita nayo kumeneko sindingamubwereke. Muli ng'ona ndi mvuu. Mu Meyi 2023 mvuu inagubuduza bwato lodzaza anthu pa Shire ku Nsanje, ambiri n'kumira, chikhalirecho bwatolo linali lalikulu kuposa kayaki iliyonse imene tikukamba pano.

Kwatsala nyanja ya Chilwa, kudzera ku Zomba mpaka pa doko la Kachulu. Ndi yosaya, yodzaza mabango ndi matope, kwawo kwa matemba, makumba ndi milamba, ndipo zaka zina imaphwa ndithu, monga zinachitikira mu 1968 ndi 1995. Kenako ndiye nyanja ya Malawi. Kukafika pa Mangochi ndi makilomita pafupifupi 190, ku Monkey Bay ndi Cape Maclear kupitirira apo.

Izi zikutanthauza kuti kayaki ya munthu wa ku Blantyre nthawi yake yambiri siikhala pamadzi. Imakhala yotsamira khoma kuseri kwa nyumba ku Chilomoni kapena ku Bangwe, kenako maola angapo pamwamba pa galimoto pamsewu wa Zomba. Munthu wokhala pa Nkopola angagule yolemera bwanji, amangoikokera m'madzi. Inu muyenera kuganizira zoikweza padenga la galimoto, mwina muli nokha m'bandakucha, komanso poisunga pamene dzuwa silifika.

Yokhala pamwamba, ya pulasitiki wolimba

Iyi ndi imene ine ndingagule. Thupi lake ndi pulasitiki wotchedwa polyethylene, yemwe uja amapangira matanki a madzi, woumbidwa chinthu chimodzi chopanda msoko, m'kati muli mpweya wokhawokha. Wokwera salowa m'kati. Amakhala pamwamba, pamalo olowa pang'ono amene anawaumba kukhala mpando, miyendo ili poyera. Pansi pa mpando ndi popondera pali mabowo odutsa mpaka kunsi, kotero funde likathira madzi, madziwo amatsika okha. Palibe zokapa.

Ubwino wake waukulu umaoneka tsiku limene zavuta. Ikagubuduzika, munthu amangogwera pambali, miyendo yake siikodwa paliponse, ndipo kayakiyo siidzaza madzi. Amasambirira chapakati pake, n'kutambasula mkono kugwira m'mphepete mwa mbali inayo, n'kuikokera kwa iye, yatembenuka. Kenako amayandamitsa miyendo kumbuyo, n'kudzikoka mpaka mimba ifike pampando, akatero amadzitembenuza n'kukhala pansi. Munthu wamba akaonetsedwa kamodzi pamadzi osaya amatha. Pa mitundu yonse imene nditchule m'munsimu, palibe ina imene imamupatsa mlendo mwayi umenewu mosavuta chonchi.

Za kukula kwake, yang'anani ya mamita 3 mpaka 3.6 m'litali, ndi masentimita 75 mpaka 85 m'lifupi. Kutambalalako ndiko kumachititsa kuti isamayepeyepe munthu akamanyadira nsomba. Zazifupi kwambiri, za mamita 2.4 kapena 2.7, zimakopa chifukwa n'zopepuka ndipo zimakwana kumbuyo kwa pikapu, koma ukapalasa kumanja mphuno imathawira kumanzere, ukapalasa kumanzere imathawira kumanja, ndipo mphamvu zambiri zimathera pa kuiwongola. Padamu laling'ono zilibe kanthu. Panyanja, pobwerera kumtunda mphepo ikukuwomba kumaso, zili ndi kanthu. Zopitirira mamita 4 zimathamanga bwino, koma mwina zimakhala zowonda, mwina zolemera.

Werengani kulemera kumene opanga analemba kuti imanyamula, ndipo musaiwale kuti nambala imeneyo ikuphatikiza munthu, chidebe cha nyambo, madzi akumwa, nsomba, zonse. Ndi bwino kusiyako pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu osalifikira. Kayaki yolembedwa makilogalamu 120 mukaikapo alamu a makilogalamu 95 ndi katundu wawo, madzi m'malo motsika m'mabowo aja amayamba kukwera, ndipo imayenda mozyolika. Popeza simudziwa amene adzabwereke, musatsike pansi pa makilogalamu 150.

Zowedzera sizifuna zambiri. Mabowo awiri oikamo ndodo za mbedza kumbuyo kwa mpando, ndi malo olowa kumbuyo okhala ndi zingwe za labala pomangira kreti kapena ndowa, zakwana. Makayaki opalasa ndi miyendo, okhala ndi chiwongolero ndi kamakina koonera nsomba, ndi okoma kwa mwini, koma ena amapitirira makilogalamu 40, ndipo kachitsulo kamodzi kakathyoka m'manja mwa mlendo simukapeza mu Limbe monse. Kayaki yobwereketsa ikhale yopanda chothyoka.

Zovuta zake zilipo. Choyamba, mumanyowa. Mabowo amene amatulutsa madzi aja amalowetsanso pang'ono, ndipo kabudula amakhala chinyowere ulendo wonse. Walira mvula walira matope. M'nyengo yotentha palibe amene amadandaula, koma mu Juni padamu la ku Thyolo chiperoni chitatsika, munthu amanjenjemera. Ena amatseka mabowowo ndi zotsekera za labala pamadzi odekha, n'kuzichotsa mafunde akayamba. Kunyowaku kumakumbutsanso za likodzo, lomwe limapezeka ku Chilwa ndi m'magombe ambiri a nyanja ya Malawi, makamaka pamene pali udzu ndi nkhono. Muwauze anzanuwo poyera kuti akamapita kumadzi pafupipafupi azikayezetsa kuchipatala. Mankhwala ake, praziquantel, alipo.

Chachiwiri ndi kulemera. Zambiri za msinkhu umenewu zimalemera makilogalamu 20 mpaka 28. Kunyamula awiri si nkhani, koma kukweza nokha padenga la galimoto kumafuna kuzolowera. Chachitatu, pulasitiki ameneyu sagwira guluu. Akabooka amachita kuwotcherera ndi moto. Amisiri amene amakonza mabampa a galimoto ku Ndirande angakuthandizeni, bola agwiritse ntchito pulasitiki wa mtundu womwewo, monga kachidutswa ka thanki kapena ka chigubu, osati ka bampa. Chosangalatsa n'chakuti kubookako sikuchitika wamba. Ku South Africa kuli makampani monga Fluid ndi Legend amene amapanga makayaki a mtundu umenewu, kotero kumeneko ndiko kufupi koitanitsa.

Yolowa m'kati

Iyi ndi ija munthu amalowetsa miyendo m'kati, n'kumaoneka kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba. Imakhala yopepukirapo, siinyowetsa, ndipo popeza wokwera amakhala pansi kwambiri mphepo siimukankha kwenikweni. Kwa munthu woidziwa ndi yokoma. Koma ikagubuduzika imadzaza madzi, ndipo zotsika mtengo zambiri zilibe zipinda zotchinga mpweya kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye zimangoyandama movutikira. Mlendo sangaikape ali m'madzi, sangakwerenso, chomwe angachite ndi kuigwirira n'kudikira thandizo. Powedza nayonso ndi yopanikiza: mlamba ukamaphiriphitha pakati pa miyendo yanu m'kati mothina, minga yake ili pafupi ndi ntchafu. Ngati mwaipeza yotchipa kwambiri ndipo izingokhala padamu laling'ono pafupi ndi mtunda, itengeni, muikemo zigubu zotseka bwino kumphuno ndi kumbuyo kuti isamire. Yopita nayo kunyanja mnzanu ali yekha, ayi.

Yopopa

Apa ndichedwapo, chifukwa iyi ndi imene imakopa kwambiri anthu a mumzinda, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Imapindika n'kulowa m'chikwama. Siifuna zitsulo za padenga, imakwana m'buti ya Vitz, mungathe kukwera nayo minibasi ku Limbe. Kunyumba imakhala kunsi kwa bedi, kutali ndi dzuwa ndi akuba. Kwa munthu wokhala m'nyumba ya lendi yopanda bwalo, zimenezi si zazing'ono. Mtengonso wa zotchuka, monga za Intex, ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi za pulasitiki wolimba. Challenger K1 ndi ya munthu mmodzi, yotalika mamita 2.74, yonyamula makilogalamu 100. Explorer K2 ndi ya awiri, mamita 3.12, makilogalamu 180.

Koma taganizirani zimene zimakhala m'manja mwa munthu wowedza: mbedza, mpeni wodulira nyambo, ndi nsomba yomwe. Chambo ndi makumba ali ndi minga kumsana, mlamba ndi kampango ali ndi minga m'mbali. Ku Chilwa onjezani zitsa za mabango odulidwa zobisala pansi pa madzi. Munthu wosamala angawedze nayo osaiboola, koma mlendo amene wakola chambo chake choyamba sasamala, amangochiponya pansi. N'zoona kuti zimakhala ndi zipinda zingapo za mpweya, kotero chimodzi chikaphwa siimira nthawi yomweyo, ndipo chigamba chimagwira. Chovuta n'chakuti kabowo kakang'ono sikaoneka. Mnzanu adzaibweza yopindidwa bwino, iye mwini osadziwa kanthu, inu mudzazindikira muli kale ku Mangochi.

Choopsa kuposa kubooka ndi mphepo. Kayaki yopopa ndi yopepuka ndipo imakhala pamwamba penipeni pa madzi, ndiye mphepo imaitenga ngati tsamba louma. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala kumaomba mwera, kuchokera kummwera chakummawa. Gombe la Chembe ku Cape Maclear linayang'ana kumpoto chakumadzulo, kutanthauza kuti mwera kumeneko umachokera kumtunda kupita pakati pa nyanja. Pamchenga madzi amaoneka bata chifukwa mapiri atchinga. Munthu amapalasa mosangalala mphepo ili kumsana, osadziwa kuti ikumuthandiza, ndipo akatembenuka kuti abwerere amapeza kuti akupalasa koma sakusuntha. Pa kayaki yolimba ya mamita 3.5 amavutika koma kawirikawiri amafika. Pa yopopa yotchipa, nthawi zina safika.

Palinso kusamalira. Mpweya ukatentha umafufuma, choncho mukaipopa kwambiri m'mawa n'kuisiya pamchenga masana a Okutobala, misoko imatha kuphulika. Mukabwerako muyenera kuiyanika iume bwinobwino musanaipinde, apo ayi imachita nkhungu ndi kununkha nsomba. Makoswe nawo amaikonda. Zonsezi mwini amazikumbukira, wobwereka sazikumbukira. Zilipo zopopa zolimba kwambiri, za nsalu yochindikala ndi pansi pouma gwa zikapopedwa, zomwe zimayenda bwino ndithu, koma mtengo wake umafika pa wa kayaki yolimba kapena kupitirira, ndiye phindu la kutchipa lija latha.

Ine ndingavomereze yopopa pa chifukwa chimodzi chokha: mulibiretu posunga kapena ponyamulira yolimba. Zikatero izikhala ya padamu ndi m'mphepete mwa gombe, m'mawa kusanayambe mphepo, inu muli pomwepo.

Ya fibreglass, bwato losema, ndi kungochita hayala

Makayaki owedzera a fibreglass (ulusi wa galasi womatidwa ndi guluu wouma gwa), monga a Stealth a ku Durban, anapangidwira nyanja yamchere. Ndi aatali, othamanga, okhala ndi chipinda chosungiramo nsomba, ndipo amadula mafunde bwino kwambiri. Akasweka amakonzeka mosavuta kuposa pulasitiki. Koma ndi okwera mtengo, ndipo amang'aluka akagunda mwala kapena akagwa potsitsa pagalimoto. Yotere ikhale yanu. Yobwereketsa ayi.

Wina anganene kuti bwanji osangogula bwato losema kwa asodzi, popeza ndi limene ladyetsa anthu a kunyanja kuyambira kale. Ndimalilemekeza bwato, ndipo amene anaona msodzi akudutsa nalo pa mwera amadziwa luso limene lili pamenepo. Koma lusolo amaliyamba ali ana. Munthu wa ku Blantyre wongofika kumene sakhalapo mphindi zambiri asanagwe. Ndi lolemeranso moti silikwera galimoto, liyenera kukhala kunyanja ndi munthu wolisamalira, ndipo likauma limang'ambika. Ngati mukufuna kulawa bwato, lipirani msodzi akutengeni pa lake, akuonetseninso pamene nsomba zimadya.

Musaiwalenso kuti kusagula ndi njira. Malo ogona alendo ambiri ku Mangochi ndi ku Cape Maclear ali ndi makayaki ochititsa hayala. Ngati anzanu amakutsatirani kawiri pachaka, ndipo nthawi zonse kumalo omwewo, hayala ikutsikirani mtengo kwa zaka zambiri. Kugula kumamveka ngati mumapita pafupipafupi kapena kumalo kopanda obwereketsa, monga kumadamu ndi ku Chilwa.

Nanga ya anthu awiri? Imaoneka ngati yathetsa zonse, koma imalemera makilogalamu 30 kapena kuposa, ndipo munthu mmodzi akakhala kumbuyo mphuno imadzuka, mphepo n'kumaizunguza. Ophunzira awiri akamaponya mbedza pa kayaki imodzi, khutu la wakutsogolo limakhala pangozi. Ndi yabwino ngati cholinga ndi kutenga mwana kapena munthu wamantha amene sangapalase yekha. Mukaifuna, sankhani yokhala ndi mpando wachitatu pakati, woti munthu akakhala yekha akhalepo.

Yatsopano kapena yogwirapo ntchito

Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa ndi ndalama zakunja chinakwera, ndipo kayaki ili ndi vuto lina: ndi yopepuka koma imadya malo. Ikamachokera ku Johannesburg pa thiraki kudzalowera pa Mwanza, wonyamula amawerengera malo amene yatenga, kenako pali msonkho wa MRA. Musanatumize ndalama funsani mtengo wonse mpaka kufika pakhomo panu, osati wa m'sitolo wokha. Ngati muli angapo ofuna, itanitsani pamodzi, chifukwa makayaki ofanana amasanjikizana.

Pa kayaki yachiwiri, ine ndimakonda yogwirapo ntchito. Zimapezeka kwa eni malo ogona a kunyanja akamasintha zakale, kwa anthu amene akuchoka m'dziko muno, ndi m'magulu ogulitsirana katundu pa Facebook. Yoti ili kale ndi zokalika siikupwetekani mtima mnzanu akaonjezera china. Koma musagule pongoona chithunzi. Pitani mukaigwire.

Mukafika, itembenuzeni kaye muone kunsi. Mizere yokalika, ngakhale yambiri, ilibe vuto. Pitani kumbuyo kwenikweni, pamsana pamene imakhuta mchenga anthu akamaikoka. Pamenepo pamaperepeseka mpaka pulasitiki amapyapyala. Dinikizani ndi chala chachikulu. Pakabonyoka mosavuta kusiyana ndi malo ena, patsala pang'ono kubooka. Kenako pukutani pamwamba ndi chikhatho. Mtundu ukakhala wofwifwa, m'manja n'kutsala tiufa toyera, dzuwa lamudya pulasitikiyo, ndipo wotere amasweka m'malo mopindika. Ameneyo sakonzeka, musiyeni ngakhale mtengo utakoma.

Suzumirani m'mabowo otulutsa madzi aja limodzi ndi limodzi, chifukwa ming'alu imakonda kuyambira m'menemo ndipo ndi malo ovuta kuwotcherera. Ngati ili ndi chitseko cholowera m'kati, ilowetseni m'chipinda cha mdima, muyatse tochi ya foni m'katimo, muone ngati pali pamene kuwala kukutulukira kwambiri. Kapena iikeni pa matayala awiri, muthiremo ndowa zingapo za madzi, muipendeketse uku ndi uku, muone podontha. Onani ngati chotsekera cha kabowo kokhuthulira madzi kumbuyo chilipo, ndipo mukoke zogwirira zonse mwamphamvu. Kubonyoka kwa kunsi kwa mpando, kobwera chifukwa chomangidwa mothina kapena kukhalitsa pansi, kukakhala kochepa nthawi zambiri kumabwerera mukaisiya chotembenuza padzuwa kwa maola ochepa.

Ngati pali mwayi wosankha mtundu, tengani wachikasu, wofiira kapena wa lalanje. Yobiriwira ndi yotuwa zimaoneka zausodzi, koma woyendetsa boti la injini saziona msanga, ndipo inunso simumuona mnzanu akatalikira.

Ndalama zotsala zipite kuti

Zipite ku jekete yoyandamitsa, isanabwere ndodo ina iliyonse ya mbedza. Gulani yokhala ndi malamba osintha kuti ikwane owonda ndi onenepa omwe, ndipo ngati pali ana, yawo ikhale ya msinkhu wawo. Yaikulu imavuka mwana akagwera m'madzi. Mangirirani wezulo pa jeketeyo. Nkhafi ikhale ya mpini wa aluminiyamu ndi masamba a pulasitiki, yotalika masentimita 230 mpaka 250 pa kayaki yotambalala chonchi, ndipo muimangire kachingwe ku kayaki. Munthu akakola nsomba amaponya nkhafi pambali osaganiza, ndipo imayandama kupita kwina iye ali kalikiliki ndi chingwe. Nangula musamupatse mlendo. Akamumangira m'mbali pa mafunde, kayaki imagubuduzika.

Kunyumba isungeni pamthunzi, chotembenuza kapena chogoneka cham'mbali pa matayala akale, ndipo mudutsitse tcheni m'bowo limodzi n'kukhoma loko.

Pobwereketsa

Funso loyamba lifunseni mosachita manyazi, ngakhale kwa munthu wamkulu kwa inu. "Achimwene, mumatha kusambira?" Akayankha kuti "Ndimathako pang'ono," muwatenge ngati osatha. Tsiku loyamba pitani nawo pamadzi olekeza m'chiuno, avale jekete, muwauze kuti, "Tagwani dala, ndili pompano." Agwe, aitembenuze, akwerenso. Ena amaona ngati n'zachibwana, koma munthu amene wagwapo kamodzi mwadala sasokonezeka mutu akadzagwa mwangozi.

Muwauze kuti azilowa m'mawa, aziyamba kupalasa molimbana ndi mphepo kuti pobwerera atatopa iziwakankha, ndipo asamatalikire kupitirira pamene angasambire. Mowa ukhale wa madzulo atatuluka. Akafika pagombe lachilendo apereke moni kwa asodzi ndi akomiti ya pagombe, afunse za ng'ona, za mvuu, ndi pamene pali maukonde a anthu. Asodzi amaona nyengo kuposa foni, ndipo akati lero sikuli bwino, asalowe. Ku Cape Maclear akumbukire kuti ali pa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 chifukwa cha nsomba zake zotchedwa mbuna. M'madzi a mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi kuzungulira zilumba monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo, kuwedza n'koletsedwa. Kupalasa n'kololedwa, koma mbedza zikhale m'kreti mpaka atatuluka m'malire amenewo.

Za kuwonongeka mukambirane kayaki isanatuluke pageti, chifukwa ikabwera yosweka nkhaniyo imalemera pakamwa. Mawu ochepa akwana: "Alamu, zokalika musadandaule nazo, koma nkhafi ikatayika mugula ina."

Mukabwereka munthu kuti apite nayo yekha, mupatseni ndi malamba anu omangira, ndipo mumangire limodzi koyamba. Ikhale chotembenuza pa zitsulo ziwiri za padenga, zokutidwa ndi labala kapena chinkhupule. Malamba akhale okoka ndi manja, osati aja okhwimitsa ndi chitsulo, chifukwa amenewo amafinya pulasitiki mpaka kubonyoka. Onjezani chingwe kumphuno ndi china kumbuyo, chomangira ku galimoto. Pa pikapu, mbali yotulukira kunja imangidwe kansalu kofiira. Ngati akunyamula ziwiri, aone m'buku la galimoto kulemera kumene denga limaloledwa. Ndipo akaima pa Zomba kapena pa Liwonde kugula zakumwa, aigwedeze aone ngati ikadali nji, chifukwa pulasitiki akatentha amafewa, ndipo malamba amene anali othina ku Limbe amakhala atakhwepa.